Mapazi Otambalala a Idah

Kodi mukuganiza kuti anafika wachingati, mtsikana amene anabwerera pa mpikisano wa njinga womwe chaka chapitacho anausiyira panjira akulira, nsapato zili m'manja? Sungani yankho lanu mumtima, mumve kaye nkhani yake.

Dzina lake ndi Idah, kwawo ku Vubwi. Bambo ake atamwalira anasiya sukulu, n'kutenga njinga yawo yakale. Ankanyamula matumba a mtedza kuchokera m'midzi kupita nawo kumsika wa kumalire. Zitunda zimene amuna ankatsika n'kumakankha, iye ankazikwera ali pachishalo.

Ku Katete kunali kalabu ina imene inkachititsa mpikisano wa njinga m'mapiri chaka ndi chaka. Atsikana atatu oyamba ankawatenga mu timu, kuwapatsa njinga, ndi kuwaphunzitsa ntchito yokonza njinga. Idah ankafuna malo amenewo ndi mtima wake wonse.

Njinga za kalabuyo zinali ndi mapedulo ang'onoang'ono, ofuna nsapato yapadera: yolimba kunsi, yokhala ndi kachitsulo kamene kamakola pa pedulo. Popanda nsapato yotere phazi limangoterereka. Choncho Idah atalembetsa, a kalabuyo anamubwereka njinga ndi nsapato zomwe.

Apa ndi pamene panagona vuto. Idah anakula akuyenda chapansi m'minda ya thonje, ndipo mapazi ake anatambalala, chala chilichonse chili pachokha. Nsapato zija zinali zopanikiza ngati khasu pa mpini. Anazikakamiza, zinalowa. Pachitunda choyamba anali patsogolo pa onse. Pachiwiri zala zinachita dzanzi. Pachitatu kunali ngati waponda makala amoto. Anatsika, n'kuvula. Sokosi inali magazi okhaokha, chikhadabo chimodzi chitazuka.

Anyamata a kabaza amene ankaonerera anamukuwiza. "Mapazi a pulawo amenewo, mlongo! Bwererani kumunda!"

Mpikisanowo unali wa achinyamata okha, ndipo malinga ndi zaka zake, Idah anatsala ndi mwayi umodzi basi.

Mabala atapola anachita zimene aliyense kumudzi amachita akafuna nsapato za kutauni. Anathyola bango, n'kuyeza kuchokera kuchidendene mpaka kuchala chachikulu. Analipereka kwa mchimwene wake Cosmas, kondakitala wa minibasi ya ku Lusaka. Cosmas anazungulira misika ya salaula, kumene amagulitsa zovala zakale zochokera kunja, mpaka anapeza nsapato za njinga zofanana ndendende ndi bangolo.

Phazi linalowa theka, n'kuima.

"Achimwene, sizikulowa."

"Sizikulowa bwanji? Ndayeza ndi bango lako lomwe! Kapena phazi lako limakula ngati dzungu?"

Bango linanena kutalika kokha. Za kutambalala silinanene kanthu.

Cosmas sanafune kugonja. Anadzaza chimanga m'nsapato zija, n'kuthira madzi, n'kumanga zolimba, kuti chimanga chikafufuma chizikulitse. Nsapato zachikopa zimamvera nzeru imeneyi, koma izi sizinali zachikopa. Kutacha anapeza zitaphulika m'misoko, nkhuku zikutola chimanga mosangalala.

Cosmas anaseka mpaka misozi. Kenako anaona nkhope ya mlongo wake, kuseka kunatha.

"Iwe Idah, mwina Mulungu sanakulembere zimenezi. Bwanji osangozisiya?"

"Mulungu anandipatsa mapazi, achimwene. Nsapato anasoka ndi munthu. Kwinakwake alipo amene anasokera mapazi ngati anga."

Kuyambira pamenepo anasiya kuyeza ndi bango. Tsiku lina atachoka kumalire, mapazi atatupa ndi ntchito monga amatupira pa mpikisano, anaponda pa katoni, n'kuzunguliza khala phazi lililonse, n'kudula. Atakolola anasamukira kwa Cosmas ku Katete, kumene ankanyamula katundu wa pamsika. Akamva kuti kwatsegulidwa belo la nsapato, ankathamangirako ndi mapazi ake a katoni. Ankalowetsa katoni m'nsapato. Ikapindika m'mbali, ankabweza nsapatoyo pamulu osataya nthawi.

Nsapato za njinga zinkapezeka mwa apo ndi apo, ndipo zonse zinkapinda katoni. Ogulitsa anamupatsa dzina loti Nakatoni.

"Manje iwe ufuna nsapato olo bwato?" anamufunsa tsiku lina amayi Fyness, amene anali ndi tebulo la nsapato pakona ya msika.

"Bwato lokhala ndi zingwe, amayi. Ngati lilipo ndipatseni."

Amayi Fyness anaseka, n'kukoka thumba limene linali pansi pa tebulo. Munali nsapato zopanda zinzake, zimene zimatsala belo likatha. Idah anazikhuthula zonse. Pansi penipeni panali yotuwa, yakumanzere, ya njinga. Analowetsa katoni. Inagona phee, osapindika. Analowetsa phazi. Zala zake zinatambasuka ngati zili pa dothi la kwawo.

"Inzake ili kuti, amayi?"

"Kaya mwana wanga. Mwina inatsala ku Ulaya, ivala mzungu wa mwendo umodzi."

"Ndigula yomweyi."

"Imodzi? Uzapalasa na mwendo umodzi?"

"Ndayamba ndi umodzi. Winawo udikire."

Msika wonse unamva kuti Nakatoni wagula nsapato imodzi. Ena anati wazungulira mutu. Iye ankadzuka m'mamawa kukakwera zitunda za ku Mkaika ndi njinga ya bambo ake, thumba la chimanga lili kumbuyo, kenako n'kupita kuntchito. Katoni yakumanja ikatha ndi thukuta la m'thumba, ankadula ina.

Mvula inabwera, inapita. Chimanga chinacha. Mpikisano unayandikira, koma nsapato yakumanja kunalibe. Cosmas nayenso anayenda ndi katoni mpaka ku Lusaka, anabwerako chimanjamanja. Tsiku lina Idah anaiyang'ana nsapato yotuwa ija nthawi yaitali, mtima ukumuuza kuti anthu aja ankanena zoona. Koma m'mawa mwake anadzukanso n'kupita kuzitunda.

Sabata ya mpikisano, amayi Fyness anamuitana. "Nakatoni! Mnzanga wa ku Sinda atsegula belo mailo. Ngati uli na mphamvu, yenda."

M'mawa mwake Idah anapalasa mpaka ku Sinda, n'kufika belo asanalidule. Anthu analimbirana nsapato zabwino. Pamulu panatsala peyala ya nsapato za njinga, zachimuna, zobiriwira. Palibe anazifuna chifukwa yakumanzere inali yothyoka kunsi. Idah sanaiyang'ane n'komwe imeneyo. Anatola yakumanja, n'kulowetsa katoni.

Inagona phee.

Kunsi kwake kunali kopyapyala pang'ono kuposa yotuwa ija, choncho anadula chidutswa cha patapata n'kuika mkati kuti miyendo ifanane. Makaniko wa kalabu anamangirira tizitsulo tija kunsi kwa zonse ziwiri, akupukusa mutu.

Tsiku la mpikisano anaima pamzere, kumanzere yotuwa, kumanja yobiriwira. Anthu anaseka poyera. Mtsikana wina wa ku Chipata anamuyang'ana kumapazi.

"Sisi, munavalira mumdima?"

"Mundiyang'anitsitse pano," anatero Idah. "Kutsogoloku muziona kumbuyo kwanga kokha."

Wezulo inalira. Chitunda choyamba chinadutsa, chachiwiri chinadutsa, mapazi ali chete ngati kulibe. Koma powoloka kamtsinje tayala linatsetsereka pamwala, Idah n'kugwera m'madzi. Atsikana angapo anamudutsa. Anadzuka bondo likutuluka magazi, anakwera, nsapato zinakola pa mapedulo, anayamba kuwapitirira mmodzimmodzi. Pachitunda chomaliza anapezeka atsikana anayi ali pamodzi, malo ali atatu. Idah anaimirira panjinga, n'kuponda ndi phazi lonse, zala zonse khumi zikugwira ntchito. Cosmas ankathamanga m'mbali mwa msewu akukuwa mpaka mawu anasasa.

Inu amene mukuwerenga, mwina pali khomo limene linakukanani, anthu n'kukuuzani kuti cholakwika ndi mmene munabadwira. Musafulumire kuvomera. Dziwani bwino chimene chikukuyenerani, muchifunefune osachita manyazi, ndipo mukapeza theka lake lokha, ligwireni. Akusekeni lero, inu pitirizani. Musataye mtima.

Idah anafika wachitatu.