Nsungwi Yoyezera Malata

Ndikukumbukira kuti kwathu ku Chia, mpunga ukangokololedwa m'munda, ana a anthu ena ankapuma, koma kwa ife ntchito inkayamba kumene. Tinkakonza nyumba. Inali nthawi ya boma la atsamunda la Chitaganya, ine ndili kamtsikana ka zaka ngati khumi, ndipo pakhomo tinalipo atatu: amayi, ine ndi mlongo wanga wamng'ono Petulo. Abambo anali kuntchito ku Halale.

Nyumbayo anamanga ndi agogo aamuna, bambo wawo wa amayi. Inali ya zidina, yangodya, denga lake la udzu lotsika mpaka kuphimba makoma onse. Abambo atabwera kutchuthi ulendo wawo womaliza, analiyang'ana dengalo n'kunena kuti munthu wogwira ntchito ku Halale sangamagone pansi pa udzu. Anadula nsungwi yaitali, anakwera nayo pamwamba, n'kuyeza kuchokera pansonga mpaka pakhoma, akulemba timizere ndi mpeni. Muyezowo anausamutsira pachingwe choti apite nacho, nsungwi n'kupatsa amayi.

"Iyi muisunge bwino," anatero. "Ndikabwera ndi malata tidzayezera yomweyi."

Asananyamuke anadulanso mapaso onse otulukira kunja pamodzi ndi udzu wake, ati malata safuna denga lolendewera ngati la nkhokwe. Makoma anatsala pamtunda. Iwo anapita.

Mvula ya kunyanja siigwa mowongoka. Imabwera chammbali ndi mphepo, ndipo khoma lopanda chotchinga imalinyambita mpaka zidina kuonekera. Ndiye chaka ndi chaka tinkamata. Dothi tinkakumba kudambo, kusenza pamutu m'madengu, kuliponda ndi mapazi mpaka miyendo kuchita dzanzi. Tikamaliza kumata tinkapita kukatola zigoba za nkhono m'mbali mwa madzi, kuziwotcha, kuzisinja, kuti tipeze njereza yopaka. Njereza imadya manja. Zala zanga zinkasupuka moti kugwira choko kusukulu ya mishoni kunali kulira. Pomaliza tinkazira pansi ndi dothi lakuda, kukhula ndi mwala chogwada, mawondo ali fumbi lokhalokha. Ndinkatopa mpaka kudana ndi fungo la dothi lonyowa, ndipo mpaka lero sindilikonda.

Nyumba inkawala, sindikana. Anthu opita ku Benga ankaima panjira kuiyamikira. Koma padenga amayi ankangosomekapo timanja ta udzu pamene paboola kwambiri, basi. Mvula ikayamba tinkayala miphika, zikho ndi mbale pansi ponse, ndipo Petulo, ngakhale anali wamng'ono, ankadziwa pamtima malo a mphika uliwonse.

Amalume a Yohane, mlongo wawo wa amayi, anali msodzi wosadziwa kuzungulira polankhula. Tsiku lina anatipeza tikupaka njereza, anayang'ana m'mwamba n'kupukusa mutu.

"Mlongo wanga, mukuidzoza nyumba kumaso pomwe mutu wake wawola. Mwetani udzu chaka chino, ine ndikufolereni."

"Mufolere chiyani, achimwene?" amayi anayankha osacheuka n'komwe. "Malata akubwera. Titaye mphamvu pa udzu woti mawa tiusasule?"

Amalume anangobwerera kumakoka awo. Zaka zinali zitapitapo kale. Anthu obwera kuchokera ku Halale amayi akawafunsa ankangoti, "Tinawaona, ali bwino," maso ali kumbali. Anzanga kuchitsime anayamba kunong'onezana mawu akuti mtchona, dzina la munthu amene wapita kuntchito osabweranso. Amayi okha ndiwo sankalimva. Nsungwi ija ankaisunga pamwamba pa moto kukhitchini kuti isafumbwe, ndipo nthawi zina ankaitsitsa n'kuipukuta mwaye.

Inenso tsiku lina zinandikwana. Ndinatula dengu la dothi mwaukali n'kufunsa kuti tikumatiranji khoma loti likokolokanso. Ndinkayembekezera kumenyedwa khofi, koma amayi anangondiyang'ana ndi maso otopa.

"Ukufuna abambo ako adzapeze bwinja, Esinati?"

Ndinasenzanso dengu.

Chaka chimenecho mvula inavumba masiku otsatizana osakata. Lamulungu m'mawa Petulo anadzuka ndi chifuwa, akulira kuti atsale agone. Amayi anayamba avomera, kenako anasintha maganizo n'kumubereka kumbuyo, ngakhale anali atakula kale moti miyendo inkalendewera. Pobwera kutchalitchi tinaona anthu ataunjikana pakhomo pathu. Khoma la kuchipinda, loyang'ana kunyanja, linali litagwera m'kati. Zidina zinali mulu pamwamba pa mkeka umene ine ndi Petulo tinkagonapo, bulangete lake likungoonekera kansonga.

Madzi sanalowere kunja kumene tinkamata. Analowera pamwamba, padenga lowola, n'kumafewetsa khoma m'kati mwake pang'onopang'ono, njereza yathu ili mbee kunja kubisa zonse. Amayi anaima nthawi yaitali, dzanja limodzi litagwira phazi la Petulo kumbuyo. Sanalire. Anangoti, "Tengani zimene zatsala, tikagona kukhitchini."

Tinakhala m'khitchinimo mpaka dzinja kutha, utsi uli m'maso, nkhuku zili kumiyendo. Udzu utangouma amayi anayamba kumweta. Ankachoka m'mamawa, kubwera ndi mtolo woposa msinkhu wawo, kutula, kumwa madzi, kubwereranso. Ine ndi iwo tinaumba zidina, tinadzutsa khoma. Amalume anabwera ndi mnzawo kudzakweza mapaso atsopano, aatali otulukira kunja monga anachitira agogo, chifukwa ntchito imeneyo siitheka ndi munthu mmodzi. Koma atati ayambe kumanga mbalo zopingasa zogwira udzu ndi kufolera, amayi anawaletsa.

"Ndinakaniza ndine kufolera nyumbayi, achimwene. Ndifolera ndine."

Kwathu mkazi sankakwera padenga. Amayi anavala kabudula wakale wa abambo m'kati mwa nsalu, n'kukwera. Azimayi opita kumadzi ankaima ndi mitsuko pamutu, ena akuseka, ena atagwira pakamwa. Amayi sanawayang'ane. Ankamanga mbalo ndi mlaza, kukoka mfundo ndi mano, ine ndili pansi kuponya mitolo ya udzu mpaka mapewa kuuma. Sanali katswiri ayi. Mzere woyamba unakhota, amalume anawauza ali pansi, iwo anamasula n'kuyambiranso dzuwa lili pamutu.

Titafika kumbali yoyang'ana kunyanja, mbalo zinatha, patatsala mzere wa m'mphepete wogwira udzu wotchinga khoma. Ndinati ndithamangire kukadula zina, koma amayi anandiitana ali pamwamba.

"Esinati, katenge nsungwi ija."

"Iti, amayi?"

"Ukuidziwa."

Ndinakaitsitsa kukhitchini. Inali yakuda ndi utsi, yolimba gwa, timizere ta mpeni wa abambo tikuonekabe. Ndinaima nayo pansi pa denga ndikuganiza kuti mwina sindinamve bwino.

"Ing'ambe pakati," anatero. "Ikwanira mbali yonseyi."

Ndinaing'amba ndi chikwanje. Amayi anaimanga m'mphepete mwa mapaso, mfundo ndi mfundo, n'kuiphimba ndi udzu. Atatsika anakhala pansi, anatambasula miyendo, n'kupempha madzi akumwa. Za nsungwiyo sanazitchulenso moyo wawo wonse.

Mvula yoyamba itabwera, Petulo anathamangira miphika n'kuiyala m'malo ake akale. Tinadikira kuti ilire. Siinalire. Amayi anayang'ana m'mwamba kanthawi, kenako anayala mkeka n'kugona tulo masanasana, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Anadzuka mvula itakata kale.

Abambo sanabwere. Kwa zaka zambiri ndinkawaimba mlandu amayi mumtima chifukwa cha zala zanga zosupuka ndi khoma limene likanapha mlongo wanga. Lero ndakalamba kuposa mmene iwo analili, ndipo ndikumvetsa chimene chinkawavuta. Kumata ndi kupaka njereza kunali kukonzekera mwamuna wawo, pomwe kufolera kunali kuvomera pamaso pa mudzi wonse kuti sabweranso, ndipo pa ntchito ziwirizi yopepuka inali yosenza dothi. Ana anga amandiseka kuti ndikalowa m'nyumba zawo ndimayamba kuyang'ana kudenga ndisanapereke moni. Ndimawasiya aseke. Pa zonse zimene abambo anatilonjeza, ndi nsungwi yokha ija imene inatitchinjirizako mvula.