Uthenga wa Mkazi Wanga Umene Sindinaumve

Mawu a mkazi wanga ndinawafufuta ndekha, ndi chala changachi. Palibe anandikakamiza. Kulemba si ntchito yanga, koma izi ndalemba kuti inu owerenga musadzachite zimene ndinachita ine.

Ndine wowotcherera zitsulo. Sukulu ndinalekeza sitandade 7. Ntchitoyi ndinaiphunzira ku mgodi wa Kayelekera. Mgodi utatsekedwa ndinatsegula kashedi kanga pa boma la Karonga. Mkazi wanga, NyaMhango, anatsala kumudzi ku Lupembe, kuyang'anira ng'ombe ndi munda. Ndinkapita kwathu Loweruka basi.

Mwana wathu wamkazi, Lusungu, anatigulira mafoni oyenda ndi chala. Mayi akewo kulemba sankakukonda. Ankajambula mawu n'kunditumizira. Nthawi zonse ankayamba m'Chitumbuka chathu: "Awiske Lusungu, mwarya?" Kufunsa ngati ndadya. Kenako nkhani. Thole lathyola khola. Kunyanja pa Mlare kwabwera usipa wabwino. Kwaya yasintha tsiku lophunzira nyimbo. Mphindi zitatu, zinayi, akulankhulabe.

Ine ndinkamva poyambira pokha. Ndikamva kuti palibe wamwalira, ndinkatseka n'kuyankha kuti "Enya," kungovomera basi. Loweruka ankandikola. Ankafunsa zimene ananena kumapeto, ine osazidziwa. Ankaseka n'kunena kuti anakwatiwa ndi munthu wa makutu aafupi.

Anadwala mosayembekezeka, n'kugonekedwa m'chipatala. Lusungu ndiye ankamudikirira. Lachinayi m'mawa uthenga unalowa. Ndinali pakati powotcherera geti la munthu. Ndinaona kuti ndi wautali, ndinati ndiumva ndikaweruka. Dzuwa lisanapendeke Lusungu anaimba foni akulira.

Maliro atatha, achibale anagawana katundu wa malemu monga mwa mwambo. Foni yake inapita kwa mng'ono wake, amene anachotsamo zonse n'kuikamo nambala yake. Choncho mawu a NyaMhango anatsala malo amodzi okha pa dziko lapansi: m'thumba la ovolosi yanga.

Ndinayamba kuwamvera. M'mawa uliwonse ndisanayatse makina, uthenga umodzi, mpaka kumapeto. Ndi pamene ndinadziwa zimene ndinkataya. Kumapetoko ndi kumene ankaika zokoma. Nthawi zina kanyimbo. Nthawi zina kunditonza za dazi langa. Pena kungopuma, tambala akulira kumbuyo, kenako n'kunena kuti nyumba yakula popanda ine.

Koma wa Lachinayi uja sindinautsegule. Ndinkauopa, ndinkaufunanso. Ndinausunga ngati mbewu. Malinga ngati unali wosatsegula, mkazi wanga anali adakali ndi mawu oti andiuze. Ndinapangana ndi mtima wanga kuti ndidzaumva tsiku loika chiliza, nditakhala pambali pa manda. Mtanda wachitsulo ndinali nditayamba kale kuupanga ndekha.

Kutatsala masabata awiri, foni inayamba kundivutitsa. Tsiku ndi tsiku inkati ikufuna apudeti, kutanthauza kukonzanso mapulogalamu ake a m'kati. Ndinatopa nayo. Ndinaibaya pa chaja, batire lili pansi kwenikweni, n'kudina kuvomera. Ili pakati, magetsi anazima. Foni nayo inazima. Magetsi atabwera ndinaiyatsa. Inkangoonetsa dzina lake, kuzima, kuyakanso, dzina lomwelo. Osapitirira.

Si foni imene ndinkaidandaula.

Nthawi yomweyo anafika aphunzitsi ena a ku Ntcheu amene amaphunzitsa kufupi ndi kwathu. Anabwera kudzatenga mafelemu a mawindo. Nditawauza, anati iwo ali m'gulu lina la pa foni limene anthu amathandizana mavuto otere.

"Bambo, musafulumire," anatero. "Vutoli si inu woyamba. Pamwamba pa gulupa pali uthenga umene anaukhomerera. Uwerengeni wonse. Ndiponso apa pali kagalasika, mukalemba vuto lanu mupeza zimene ena anayankhidwa kale. Ine ndikafike ku ofesi ya maphunziro, ndibwera tione limodzi."

Anandisiyira foni yawo. Ndinatsegula uthenga wa pamwamba uja. Unali wautali. Ndinawerenga mizere itatu, ndinati awa ndi macheza. Kagalasi kaja sindinakakhudze n'komwe. Ndinalemba m'gulumo: "Foni yanga yafa. Nditani?" Basi. Sindinanene mtundu wa foni. Sindinanene za apudeti. Sindinanene kuti muli chinthu chimene sindingachigule kwina kulikonse.

Anayamba kuyankha mayi wina woyang'anira gululo. Anati, "Bambo, funso lotere tayankha kambirimbiri. Werengani kaye uthenga wa pamwamba, mufufuzenso. Zikakanika mutiuze zonse bwinobwino." Ndinapsa mtima. Ndinaona ngati mwana akundibweza pakhomo. Munthu ndili pamoto, iye akundituma kukawerenga.

Kenako wina analemba: "Madala, osavutika. Dinani batani lozimitsira ndi lokwezera mawu nthawi imodzi. Pabwera mizere ya Chingerezi. Sankhani wa waipu. Iyaka ngati yatsopano." Ndinati uyu ndiye munthu. Mawu ochepa, ngati ine.

Ndinadina. Mizere inabwera. Ndinasankha. Foni inandifunsa ngati ndatsimikiza. Inu owerenga, chitsulo chinandifunsa, chinandipatsa mpata. Ndinavomera.

Inayakadi ngati yatsopano. Inandipatsa moni. Inandifunsa chilankhulo chimene ndikufuna, ngati sitinaonanepo. Ndinafufuza dzina la NyaMhango. Munalibe dzina la munthu aliyense.

Aphunzitsi atabwera n'kumva zimene ndinachita, anakhala pa chitini cha penti. Anandiwerengera uthenga uja mokweza. Mzere wachinayi, umene unali pansi penipeni pa pamene ndinalekezera, unkati aliyense amene ali ndi zithunzi kapena mawu ofunika asasankhe waipu, kutanthauza kufufuta zonse, chifukwa zikapita sizibwerera. Pansi pake panali njira zina zoyamba kuyesa: kuisiya pa chaja mpaka idzaze, kuizimitsa mokakamiza, kuchotsa zinyalala za apudeti zokha osakhudza katundu wa munthu, ndipo zikakanika kupita nayo kwa wokonza n'kumuuza kuti asafufute kanthu. Anadina kagalasi kaja. Panatuluka anthu ambiri a vuto ngati langa. Ena anali kuthokoza kuti foni yadzuka zonse zilimo.

Sindikunena kuti yanga ikanadzuka ndithu. Sindikudziwa. Koma sindinaipatse mwayi.

Tinayesa kubweza zosungidwa pa intaneti. Kunalibe. Ndinali nditazitseka kalekale poopa kutha kwa bandulo. Wokonza mafoni wa pamsika anaiona masiku awiri, n'kundibwezera akupukusa mutu.

Munthu anandiuza za waipu uja sindimuda. Anayankha funso limene ndinafunsa. Ndinati foni yafa, iye anaidzutsa. Mayi amene ndinamukwiyira ndiye ankanditeteza.

Tsiku la chiliza linafika. Mtanda tinauimika. Anthu atabalalika ndinatsala ndi Lusungu pamandapo, ndipo ndinamuuza zonse. Ndinamufunsa ngati anamva zimene mayi ake anajambula m'mawa uja. Anati ayi, anamutuma kukatenga madzi otentha. Pobwera anawapeza akumwetulira, foni ili pachifuwa. Anangomuuza kuti, "Uwu wokha abambo ako aumva mpaka kumapeto. Nkhani yeniyeni ndaiika kothera."

Sindinalire pa maliro. Tsiku limenelo ndinalira.

Mpaka lero ndimaganiza. Kapena inali nkhani ya ng'ombe. Kapena anali kundikhululukira china chake. Kapena kanyimbo chabe. Ndikamawotcherera ndimayesa kukumbukira mawu ake, koma akunka nazilala. Chimene chatsala chomveka bwino ndi funso lija la ngati ndadya.

Malangizo anga ndi ochepa. Foni ikafuna apudeti, idzazeni moto kaye. Zofunika zanu muzisunge pawiri, bandulo ndi yotsika mtengo kuposa chisoni. Ikakanika kuyaka, ikani manja m'thumba. Musanafunse m'gulu, fufuzani, chifukwa ena anagwa kale m'dzenje lomwelo ndipo anasiya chizindikiro. Akakuuzani kuti werengani pamwamba, sikukunyozani. Mukamafunsa, nenani zonse, makamaka chimene mukuopa kutaya. Ndipo yankho lofulumira musalithamangire chifukwa choti ndi lalifupi.

Chomaliza ndi ichi. Ngati alipo amene amakutumizirani mawu ataliatali, okutopetsani, za mbuzi ndi za kwaya, amvereni lero. Mpaka kumapeto. Ine wanga ndinati ndiumva ndikaweruka.