Pepala Lofuna Dzanja la Bambo

Nditakhoza mayeso a Giredi 7, sukulu ya atsikana imene anandisankhira inapereka pepala loti kholo lisaine. Linali pangano loti mwana azivala yunifomu, azilima m'munda wa sukulu, ndipo akatenga pathupi achotsedwe. Pansi penipeni panali mzere wonena kuti wosainayo ndiye yekha ali ndi mphamvu yochotsa mwana pasukulupo. Anatipatsa masiku asanu. Ukachedwa, malo ako ankapatsa wina.

Ine ndinkakhala ku Kabwata kwa malume, mlongo wawo wa malemu amayi, amene anali kalaliki kunjanji. Kwathu kum'mawa mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Bambo anali moyo, ku Chelstone, ndi mkazi wina, koma chimwalirire amayi ndinali nditawaona kawiri kokha.

Malume anapita nane ku ofesi ya sukulu cholembera chili m'manja. Mayi wa pawindo anayang'ana chitupa chawo, kenako ine.

"Ba mudala, lamulo siiziba ba malume," anatero mayiyo. "Ngati ba tate bake balipo, ni beve bafunika kusaina. Olo bweletsani kalata yao yakuti banakupasani mwana."

Malume anatenganso pepala lija. Zinali zaka za chipani chimodzi, pamene ngakhale pamsika ankatha kukufunsa khadi la chipanicho, ndipo iwo pepala lililonse ankaliwerenga kawiri, n'kulitembenuza ngati chitumbuwa poopa kuti kuseri kwabisala china. Anapinda pangano lija, nakaliika m'Baibulo. Linagona m'menemo masiku atatu.

Kunena zoona, ndinawakayikira. Ndinali nditamva akazi awo akudandaula kuti nyumba yachepa, ndiye ndinati basi, apeza podzera, akufuna masiku athe andibweze kumudzi. Akachedwa kuntchito ndinkati akuthawa maso anga. Akandigawira ndiwo zambiri ndinkati n'zotsazikira. Ndinadana nawo mwakachetechete, uku ndikuwasitira malaya.

Tsiku lachinayi malume anavala jekete lawo la kumaliro, nati tiye. M'minibasi ya ku Chelstone ndi mmene anatsegula pakamwa.

"Uja muntu akasaina pepala ya sukulu, ndiwe wake," anatero. "Mailo, kukacha chabe, azabwela kukuchosa ukalele bana ba mukazi wake, ine nilibe mau. Nifuna asaine iyi."

Anatulutsa kalata imene anaitayipa kuntchito, yonena kuti bambo andipereka m'manja mwawo. Masiku atatu aja anali akuilemba ndi kuing'amba. Malo a dzina langa anawasiya dala opanda kanthu kuti bambo alembepo okha, wina asadzati malume anapeka. Anakonzekeranso mkangano. Njira yonse ankang'ung'udza mayankho: akati mwana ndi wanga ndidzati chakuti, akatchula lamulo ndidzatchula maliro a mlongo wanga amene sanagonepo. Manyazi anandigwira chifukwa cha zimene ndinkawaganizira, komanso pansi pamtima ndinakondwa. Amuna awiri anali kukalimbirana ine.

Tinapeza bambo akutsuka galimoto pabwalo. Anatilonjera bwino ndithu, koma mpando sanatipatse. Malume anakhosomola nayamba kutali, ku mbumba ndi mwambo, monga amachitira akulu. Sanafike n'komwe pakati.

"Nisaine pati?" anatero bambo, akupukuta manja pathalauza.

Malume anawayang'anitsitsa pofuna kuona pamene pali msampha, poti galu wamkota sakandira pachabe. Anawapatsa kalata ija monyinyirika, chala chili pangodya. Bambo sanaiwerenge. Anaitsamiritsa pagalimoto, nasaina msangamsanga. Atafika pamalo opanda kanthu paja, cholembera chinaima. Anatembenukira kwa ine, akumwetulira ngati munthu wofunsa njira.

"Iwe, zina yako ya ku sukulu ni ndani kansi?"

Ndinawauza. Analemba, nafunsanso ngati alemba bwino.

M'mawa mwake malume anasaina pangano la sukulu, mayi wa pawindo anadinda, malo anga anakhala anga. Mayankho onse amene anakonza aja sanawagwiritse ntchito ngakhale limodzi. Potuluka pachipata anandigwira dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo, nanditchula dzina lonse, la ubatizo ndi la kumudzi lomwe, mokweza ngati pali wina wotsutsa.