Dontho la Pansi pa Galimoto ya Amalume

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala kwa Nkhulambe limodzi ndi amalume, alongo awo a amayi. Amalumewo anali ndi galimoto yakalekale ya matayala akuluakulu, ija yodutsa m'matope mosavuta. Anthu ankaitcha Nkhalamba. Sitata yake inali yakufa, ndiye ankaiimika pamtsetse kuti m'mawa ingotsetsereka n'kulira yokha. Chitseko chimodzi ankachimanga ndi waya.

Ntchito yanga inali kusesa pabwalo. Chifukwa cha zimenezo, pansi pa Nkhalamba ndinkapadziwa bwino kuposa aliyense. Tsiku lililonse pankakhala banga lakuda la oilo, kukula ngati mbale, ndipo ndinkalikwirira ndi mchenga.

M'mawa wina ndinapeza banga lachilendo kutsogolo. Silinali lakuda ayi, linali la madzi ofiirira ngati dzimbiri. Nditawerama ndinaona dontho likugwa kuchokera papayipi yakuda. Ndinadzuka kuti ndikanene, koma amalume anali pakhonde ndi abambo awiri, akukambirana za nandolo. Ine ndinali mwana wamanyazi, woti mlendo akandifunsa dzina ndinkangokanda pansi ndi chala. Ndinaima, ndinabwerera, ndinaimanso. Kenako ndinatapa mchenga n'kukwirira bangalo.

Nthawi imeneyo amayi anali oyembekezera, mwezi wawo utakwana, ndipo achipatala anali atawauza kuti akachirire ku Boma chifukwa mwana sanagone bwino. Tsiku lomwelo, dzuwa litafika pamutu, matenda anayamba. Tinakwera Nkhalamba: amalume pachiwongolero, amayi atagona kumbuyo pamiyendo ya mayi aang'ono, ine nditafukata beseni ndi zitenje.

Tisanafike ndi theka lomwe la ulendo, ndinamva fungo ngati la mphika wopserera. Nthunzi inatuluka m'boneti, amalume n'kuima.

"Payipi ya rediyeta yang'ambika. Madzi onse atha," anatero.

"Ndiye thiranimo ena tizipita, achimwene!" anakuwa mayi aang'ono.

"Nditsegule panopa kuti ndisupuke nkhope? Ndipo madzi ozizira painjini yotentha chonchi, ing'aluka. Izizire kaye."

Kudikira kumeneko sindidzakuiwala. Amalume ankazungulira galimoto, kugwira boneti, kuchotsa dzanja msanga, n'kuzunguliranso. Anadutsa wakabaza, koma amayi sakanatha kukhala panjinga. Ankabuula ataluma chitenje. Ine ndinathamanga kawiri kumjigo ndi beseni lija, madzi akutayikira m'khosi, ndipo ulendo uliwonse ndinkaopa kuti ndipeza anthu akulira.

Amalume anadula mphira ku chubu chakale n'kuyamba kukulunga payipi ija. Ndikuwagwirira mbali ina, mawu anangotuluka okha.

"Amalume, ndinaona m'mawa. Imadontha."

Manja awo anaima. "Unaona? Nanga pakamwa unabwereketsa ndani?"

"Munali ndi alendo."

Ndinadikira khofi, koma silinabwere. Anakoka mphira ndi mano, n'kumanga mfundo.

"Iwe mwana, mphira iyi ndikanamanga kunyumba madzi a tiyi asanawire. Ine galimotoyi ndimaiona ndili pampando. Pansi pake amaona ndi wosesa. Wosesayo akakhala chete, ine ndine wakhungu."

Tinathira madzi pang'onopang'ono. Panalibe mtsetse, ndiye amayi atatu ochokera kumunda anatula makasu n'kutithandiza kukankha mpaka Nkhalamba inakhosomola n'kulira. Tinaimanso kawiri kuwonjezera madzi. Titafika kuchipatala, amayi anawathamangitsira mkati pakabedi ka matayala. Mlongo wanga anabadwa madzulo omwewo, koma anachedwa kulira, ndipo anakhala masiku asanu ndi limodzi ali ndi timapayipi m'mphuno. Palibe anandiimba mlandu. Ine ndekha ndinkati ndikatseka maso ndinkaona mchenga uja.

Nkhalamba inafa kale, pano nkhuku zimaikiramo mazira. Mlongo wanga ali kusekondale. Ine manyazi sanandithere, mpaka lero kumsonkhano ndimakhala kumbuyo. Koma mwezi wathawu ndili pamzere kusikelo, ndinaona kuti mwana wanga akupuma mothamanga, nthiti zikulowa mkati. Kutsogolo kwanga kunali amayi ambiri, ndipo anamwino anali pakati pocheza ndi munthu wovala taye. Ndinadziwa kuti nthitizo palibe wina akuziona, koma ine amene ndimamusambitsa.

Ndinatuluka pamzere, aliyense akundiyang'ana, n'kunena kuti, "Pepani anamwino, tamuonani mwanayu."