Utsi wawaliza azakhali

Moni nonse, kuno ku Lisasadzi lero kunali zinthu!

Azakhali a ku Lilongwe, ophikira magetsi aja, akhala akunena kuti chifuwa cha amayi n'chimfine chabe. Ndiye amayi atapita pamzere wa makuponi, ndawanamiza azakhali kuti amayi ati ndiwo aphike iwowo. Ndawapatsa mitengo ya fodya ndi zitsononkho, zomwe amayi amasonkhezera tsiku lililonse, ine n'kubisala kuchigafa.

Atuluka m'khitchini akukwawa, wigi ili m'manja, misozi ili chuchuchu. Ndaseka mpaka kugwa.

Koma amayi atabwera, azakhali awagwira dzanja: "Alamu, zaka zonsezi mukupuma zimenezi?" Apa ndiye alira zenizeni. Mawa akupita nawo kuchipatala kutauni.

Abambo akuti ndipepese. Inu mukuti bwanji, ndipepese chiyani?