Nyimbo pa manda a Yosefe

Abusa, lero ndakuonani pa City Market. Buku lanu lija lofotokoza Masalimo linali pansi pakati pa mabuku akale, chithunzi chanu chili fumbi lokhalokha. Ndalipukuta ndi chitenje n'kuyamba kulira pamaso pa anthu, ine amene sindinawerengepo ngakhale tsamba limodzi la zolemba zanu.

Ndakumbukira maliro a mwana wanga Yosefe. Akulu a mpingo anali atamudula chifukwa cha mowa, ndiye anati palibe ulaliki, palibe nyimbo, amayi asavale yunifomu. Tinanyamuka ku Kabwata tili zii, ngati tikukataya galu. Kumanda tinakupezani mwaima kale padzuwa, opanda kolala. Pakamwa panga mumapadziwa. Ndinati, "Mwabwera kudzaonerera? Inu a Chigiriki ndi Chiheberi, tandiuzani, mwana wanga ali kuti?" Munavula magalasi n'kunena kuti, "Amake Yosefe, sindidziwa. Koma ndakalambira m'Baibulo, ndipo sindinapezemo vesi loletsa mayi kuimbira mwana wake." Kenako munayambitsa nyimbo, ndi mawu anu aja onga chitseko chosowa mafuta. Amayi anayang'anana, mmodzi analandira, mpaka okumba manda anaika mafosholo pansi n'kuimba nawo. Akulu aja anakukwiyirani chaka chathunthu, ine osakuthokozani n'komwe, manyazi. Zikomo, Abusa. Poti nanunso munatisiya, funso langa lija tsopano mukudziwa yankho lake. Likakhala labwino, mum'gwire dzanja mwanayo, amasochera msanga.