Chimene Achimwene Anabisa Zaka Khumi ndi Zisanu

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa kachipatala ka pa esiteti. Ndinkakolopa, kuwiritsa zitsulo ndi kuthandiza anamwino kumanga mabala a anthu odzitema ndi zikwanje. Achimwene anga, amene ndinapondana nawo, anali m'gulu la amuna odulira tiyi. Ankakhala kumalaini a kumunsi, kunyumba za antchito, ndi alamu ndi ana atatu. Anali munthu wosalankhulalankhula. Kuntchito ankawakonda chifukwa sankadandaula, koma pakhomo ankapsa mtima msanga, ndipo munthu ukawagwira paphewa mochokera kumbuyo ankadzidzimuka ngati aponda njoka.

Matipate atakhazikika, mabungwe anayamba kufika m'maesiteti kudzaphunzitsa anthu zosiyanasiyana. Lamlungu lina masana, kunja kuli chiperoni, kunabwera achinyamata anayi ndi wailesi ya kanema ndi jenereta. Anatchinga mazenera a holo ndi matumba a feteleza, ife n'kudzazana pamabenchi, amayi uku, abambo uko. Makanema anali atatu, onse aafupi. Awiri oyamba anali onena za atsikana ndi matenda aja anatha anthu. Wachitatu unali wa mnyamata wamkulu ndithu, wa ndevu zake, wogwira ntchito m'sitolo m'tauni. Bwana wake, mwamuna mnzake, anamuitanira kuchipinda chosungira katundu n'kutseka chitseko. Sanaonetse china chilichonse. Kenaka tinangomuona mnyamatayo ali pampopi, akusamba m'manja osasiya.

Holo yonse inaseka. Bambo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Mwamuna mphumphu angagwiriridwe bwanji? Anafuna yekha ameneyo." Ndinene zoona, nanenso ndinaseka, ndikubisa nkhope m'chitenje. Ndili mkati moseka ndinaona achimwene akuimirira n'kutuluka, chipewa chawo n'kuchisiya pabenchi.

M'mawa mwake, pa nthawi yopuma, ndinawapititsira chipewacho kumunda. Ndinawapeza ali okha pansi pa mitengo ya bulugama, akunola chikwanje. Anzawo anali patali, akudya.

"Mwaiwala chipewa dzulo," ndinatero.

Anachilandira osandiyang'ana. Ndikuti ndizibwerera, anati, "Achemwali, takhalani pansi. Mukukumbukira chaka chimene ndinasiya ntchito ku esiteti ya kutsidya?"

Ndinkakumbukira. Anali ndi zaka makumi awiri, atangolembedwa kumene kuthyola tiyi m'nyengo ya mvula. Patatha miyezi iwiri anabwerera kumudzi kwathu ku Chimaliro, n'kunena kuti ntchito yawakanika. Bambo anawakalipira pamaso pa tonse, akuwatchula mlesi. Chaka chomwecho achimwene anasiya kuimba m'kwaya ya ku tchalitchi, ndipo Sabata likafika ankangokhala pakhonde.

"Sunali ulesi," anatero. "Akapitawo athu anandituma kukawasiyira nkhuni kunyumba kwawo. Akazi awo anali kumudzi. Zimene munaona dzulo zija n'zimene zinandichitikira. Ndipo sikamodzi."

Analankhula motsitsa, chikwanje chili pamwendo. Anati munthuyo anawaopseza kuti akangoulula adzawachotsa ntchito, ndiponso adzauza anthu kuti anayambitsa ndi achimwenewo, apolisi adzawatenge. Ankaopa ndende, koma makamaka ankaopa kuti bambo amva.

Ine m'malo mowatonthoza ndinafunsa funso lopusa. "Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikanauza ndani? Simunamve mmene anthu amasekera dzulo?" Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Inunso ndinakuonani."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinapepesa, koma iwo anangopukusa mutu. Anati sakundiimba mlandu, chifukwa ngakhale iwo eni, zaka zonsezo, ankaganiza kuti padziko lapansi zinachitikira iwo okha, ndipo kuti mwina panali china cholakwika mwa iwo chimene munthu uja anachiona. Kanemayo anawauza kuti aliponso ena. Akanapanda kukhalapo, ndani akanavutika kujambula nkhani yotere?

Belu litalira anabwerera kuntchito. Ine ndinatsika kuchipatala.

Kapitawo uja anali atamwalira kalekale, ndipo anaikidwa mwaulemu wonse. Panalibe womutengera kubwalo. Chimene ndinatha kuchita n'kuwapempha achimwene kuti akacheze ndi adokotala athu, bambo wachikulire wodziwa kusunga chinsinsi. Anakana kawiri. Kachitatu anabwera okha, akunamizira msana. Anakhala m'chipindamo nthawi yaitali, ndipo pambuyo pake anabweranso kangapo.

Alamu anauzidwa patapita miyezi. Anabwera kwathu maso ali psuu, n'kukhala pamkeka osavula mpango.

"Alamu," anandiuza, "zaka zonsezi ndimayesa sandikonda. Ndimayesa ali ndi mkazi wina ku Bvumbwe. Ndinafika powatukwana nazo."

Tinalira tonse awiri.

Sindinganame kuti achimwene anasinthiratu. Mtima wapachala sunawathere, ndipo kukwaya sanabwerere. Koma anayamba kukhala pansi ndi ana awo n'kumacheza nawo. Mvula ikagwa, esiteti n'kulemba anthu atsopano, iwo ankawatengera pambali amuna ongoyamba kumenewo n'kuwauza kuti wamkulu aliyense akakuitanira kunyumba kwake uzipita ndi mnzako, ndipo wina akakuchita choipa ubwere undiuze. Ena ankawaseka. Iwo sankafotokoza chifukwa chake.

Bambo anamwalira asanadziwe. Chimenechi chimandipwetekabe, chifukwa anapita akukhulupirira kuti mwana wawo anathawa ntchito. Titachotsa zovala za maliro, achimwene anaganiza zowauza mayi. Anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Chimaliro, koma titafika anati ndikhale panja. Ndinakhala pakhonde ndikutong'ola nandolo. Ndinkamva mawu awo chapansipansi, akulankhula m'Chilomwe, chimene pakhomo pathu tinkachisungira nkhani zolemera. Mayi sanakuwe, sanafunse zambiri. Ndinangowamva akubwerezabwereza kuti, "Mwana wanga, unali wekha."

Patapita nthawi anatuluka onse awiri. Mayi anawagwira achimwene padzanja mpaka kumsewu, ndipo anaima pomwepo kufikira galimoto itatinyamula.